Okalamba akuchuluka kum'mwera kwa Africa, koma kafukufuku wa umoyo wawo akudalira ndalama zakunja

LILONGWE – Zaka 20 zapitazo, nkhani ya okalamba m'maiko a kum'mwera kwa Africa inkamveka makamaka pokamba za ana amasiye. Agogo ankatchulidwa m'malipoti a maboma ndi a mabungwe monga anthu olera adzukulu omwe makolo awo adamwalira ndi matenda a Edzi, ndipo adali ochepa omwe ankafunsa za umoyo wa agogowo. Lero zinthu zasintha. Mbadwo womwe ambiri ankaganiza kuti sudzaona imvi ukukalamba, ena mwa iwo akumwa mankhwala otalikitsa moyo, ndipo zipatala za m'midzi zikulandira matenda omwe sizidawakonzekere: kuthamanga kwa magazi, shuga, kufa kwa ziwalo ndi kuiwalaiwala.

Zambiri zomwe zikudziwika za mmene anthu a m'chigawo chino akukalambira zachokera ku ntchito zochepa za kafukufuku zomwe zakhala zikutsata anthu omwewo, m'midzi yomweyo, kwa zaka zambiri. Ziwiri mwa ntchito zikuluzikulu zoterezi zili ku Agincourt m'dziko la South Africa, ndi ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka m'dziko la Malawi. Zonse ziwiri zakhala zikuyenda makamaka ndi ndalama zochokera ku boma la America. Kuchokera m'chaka cha 2025, pomwe bomalo lidadula thandizo lake lambiri ku maiko akunja, funso loti ndani azilipira kafukufuku wotereyu lafika pakhomo pa maboma a m'chigawo chino.

Chiwerengero chikukwera

Africa ikadali dera la achinyamata. Kalembera wa 2018 ku Malawi adapeza anthu 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 aliwonse, pafupifupi asanu okha ndiwo adali ndi zaka 60 kapena kuposerapo. Ku South Africa, kalembera wa 2022 adaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 10 aliwonse adali wa msinkhu umenewu. Ziwerengerozi ndi zotsika poyerekeza ndi za ku Japan kapena ku Italy, n'chifukwa chake maboma ambiri akhala akuona ukalamba ngati vuto la maiko olemera.

Komabe chipatala chimalandira anthu enieni, osati gawo lawo pa 100. Bungwe la United Nations lidawerengera kuti kum'mwera kwa chipululu cha Sahara kudali anthu 46 miliyoni a zaka 60 kapena kuposerapo m'chaka cha 2015, ndipo pofika 2050 adzapitirira 150 miliyoni. Uku n'kuchuluka katatu m'zaka 35 zokha.

M'chigawo chino, chomwe chathandiza kwambiri kusinthaku ndi mankhwala a ma ARV. M'dera la uMkhanyakude ku KwaZulu-Natal, komwe akatswiri akhala akulemba kubadwa ndi kumwalira kwa anthu khomo ndi khomo, zidapezeka kuti m'chaka cha 2003 wachinyamata wa zaka 15 ankayembekezeka kufika zaka 49.2 zokha. Mankhwalawa adayamba kuperekedwa m'zipatala za boma mu 2004, ndipo pofika 2011 msinkhuwo udakwera kufika pa zaka 60.5. Ku Karonga m'dziko la Malawi, kafukufuku wofanana ndi ameneyu adaonetsa kuti chipatala cha ma ARV chitatsegulidwa mu 2005, imfa za akuluakulu zidayamba kutsika chisanathe chaka, makamaka m'midzi yoyandikana ndi msewu waukulu. Omwe adapulumuka pa nthawiyo ali ndi zaka 30 kapena 40 ndiwo achikulire a lero.

Anthu osawerengedwa

Ngakhale zinthu zili choncho, njira zomwe maboma amadziwira za umoyo wa anthu awo zidakonzedwa ndi cholinga china. Kafukufuku wa DHS, yemwe kuyambira 1984 wakhala gwero lalikulu la ziwerengero za umoyo m'maiko osauka, amafunsa amayi a zaka zapakati pa 15 ndi 49, ndi abambo osapitirira zaka 54 kapena 59, malinga ndi dziko. Cholinga chake chidali kudziwa za uchembere, kulera ndi imfa za ana, ndipo pa zimenezi wathandiza kwambiri. Koma mayi akangokwanitsa zaka 50, amangotsala dzina pa mndandanda wa anthu a pakhomo. Safunsidwanso za m'thupi mwake.

Kwa zaka zambiri, ziwerengero za kachirombo ka HIV nazonso zinkalengezedwa za anthu a zaka 15 mpaka 49, ngati kuti munthu wopitirira pamenepo satenga kachiromboka kapena kudwala nako. Kafukufuku woyamba wa dziko lonse wa matenda osapatsirana ku Malawi, yemwe adachitika mu 2009, adalekezera pa zaka 64. Ngakhale cholinga cha United Nations chochepetsa imfa za matenda osapatsirana pofika 2030 chimawerengera omwalira ali ndi zaka zapakati pa 30 ndi 70 basi.

Zotsatira zake zimaoneka pa bajeti. Unduna wa zaumoyo umaitanitsa mankhwala ndi kuphunzitsa anamwino molingana ndi matenda omwe uli ndi ziwerengero zake. Chipatala chaching'ono cha kumudzi chimakhala ndi tsiku la sikelo ya ana ndi la amayi oyembekezera, koma nthawi zambiri gogo wodwala mutu ndi chizungulire amapatsidwa panado n'kubwerera kwawo osayezedwa kuthamanga kwa magazi.

Kutsata munthu yemweyo kwa zaka zambiri

Kafukufuku wochitika kamodzi amanena za tsiku lomwe ofunsa adafika pamudzi. Angathe kuonetsa kuti okalamba osauka amadwaladwala, koma sangathe kunena chomwe chidayamba, kaya umphawi ndiwo udabweretsa matenda kapena matenda ndiwo adagulitsitsa mbuzi ndi njinga. Angathe kuonetsa kuti mwa anthu a zaka 75 ndi ochepa omwe ali ndi shuga, koma sanganene ngati adaipewa kapena ngati odwalawo adamwalira kale. Yankho limapezeka pokhapokha munthu yemweyo akamayenderedwa pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, kuyezedwa, kufunsidwa, ndipo akamwalira, achibale ake n'kufotokoza mmene adadwalira. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira imeneyi ili ndi mbiri yaitali. M'tauni ya Framingham ku America, madokotala adayamba kutsata anthu 5,209 m'chaka cha 1948, ndipo kafukufukuyo ndiye adatsimikiza kuti kuthamanga kwa magazi, kusuta fodya ndi mafuta ochuluka m'magazi zimabweretsa matenda a mtima. Kale ambiri ankaganiza kuti kukwera kwa magazi n'chibadwa cha ukalamba ndipo sikufuna mankhwala. Mu 1992 dziko la America lidayamba kafukufuku wa Health and Retirement Study wotsata anthu opitirira zaka 50, ndipo England idayamba wake mu 2002. Pakati pa 2007 ndi 2010, bungwe la World Health Organization lidachita gawo loyamba la kafukufuku wa SAGE m'maiko asanu ndi limodzi, awiri mwa iwo a mu Africa: Ghana ndi South Africa.

Zomwe zidapezeka ku America ndi ku England sizingangosamutsidwa. Wokalamba wa ku London adapita kusukulu, ali ndi penshoni ndipo ali ndi dokotala wake. Mnzake wa ku Mchinji kapena ku Tete adakula akudwala malungo, wadutsa m'zaka za njala, mwina adaika m'manda ana ake, ndipo akadali kugwira khasu. Matupi awiriwa sakalamba mofanana.

Zomwe Agincourt yaonetsa

Agincourt ndi dera la midzi m'chigawo cha Mpumalanga, kufupi ndi malire a Mozambique. Kuyambira 1992, sukulu ya ukachenjede ya Witwatersrand pamodzi ndi bungwe la boma loona za kafukufuku wa zamankhwala akhala akulemba kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa anthu oposa 100,000 a m'derali. Pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a anthuwa ndi ochokera ku Mozambique, omwe adathawa nkhondo ya m'zaka za m'ma 1980, ndi ana awo. Pa maziko amenewa, mu 2014 ndi 2015, mogwirizana ndi sukulu ya Harvard, padayamba kafukufuku wa HAALSI, yemwe adasankha anthu 5,059 a zaka 40 kapena kuposerapo. Anthuwa adayenderedwanso mu 2018 ndi 2019, kenako mu 2021 ndi 2022.

Ulendo woyamba udaonetsa kuti matenda samabwera amodziamodzi. Anthu 58 mwa 100 aliwonse adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, pafupifupi 11 adali ndi shuga, ndipo oposa mmodzi mwa asanu adali ndi kachirombo ka HIV. Ambiri adali ndi matenda awiri kapena atatu nthawi imodzi. Kafukufukuyu adaonetsanso kuti achikulire ambiri akadali kugonana, kuti makondomu sawagwiritsa ntchito kwenikweni, ndi kuti ena akutenga kachiromboka atapitirira zaka 50, pomwe mauthenga onse opewera amalunjika kwa achinyamata.

Chomwe chidadabwitsa ambiri chidali chakuti omwe ankamwa ma ARV adali ndi mwayi waukulu woyezedwa kuthamanga kwa magazi ndi shuga kuposa anzawo opanda kachirombo. Chifukwa chake n'chodziwikiratu. Womwa ma ARV ali ndi tsiku lopita kuchipatala, ali ndi buku lake, ndipo akajomba amatsatidwa. Wopanda kachirombo amapita kuchipatala matenda atakula. Izi zidapereka umboni woti njira yomwe idamangidwa polimbana ndi Edzi ingathe kusamaliranso odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi, pogwiritsa ntchito anamwino omwewo ndi mzere womwewo wa mankhwala. Zikutanthauzanso kuti zipatala za ma ARV zikafooka chifukwa cha kuchepa kwa thandizo lakunja, odwala matenda enawa nawonso adzakhudzidwa.

Zomwe midzi ya ku Malawi yaonetsa

Ku Malawi, kafukufuku yemwe tsopano amadziwika kuti MLSFH adayamba mu 1998 motsogozedwa ndi sukulu ya ukachenjede ya Pennsylvania mogwirizana ndi akatswiri a m'dzikomo. Poyamba ankafunsa amayi pafupifupi 1,500 ndi amuna awo za kulera ndi za Edzi ku Rumphi, Mchinji ndi Balaka. Ofunsidwawo adakula, mu 2008 makolo awo adawonjezedwa, ndipo mu 2012 padakhazikitsidwa gulu lapadera la anthu oposa 1,200 a zaka 45 kapena kuposerapo. Phindu la kafukufukuyu ndi lakuti ambiri mwa achikulirewa mbiri yawo yakhala ikulembedwa kwa zaka zambiri: maukwati awo, imfa za ana awo, zokolola zawo ndi matenda awo.

Lipoti lomwe lidatuluka mu 2013 lidawerengera kuti mayi wa kumudzi wa zaka 45 angayembekezere kukhala ndi moyo zaka zina 28, koma pafupifupi 16 mwa zakazo adzakhala akuvutika kugwira ntchito zake za tsiku ndi tsiku. Bambo wa msinkhu womwewo angayembekezere zaka zina 25, ndipo pafupifupi 10 mwa izo zidzakhala zotero. M'dziko lomwe chakudya cha banja chimachokera m'munda wolimidwa ndi manja, msana kapena mawondo akakana, nkhokwe imachepa, ndipo mwana wasukulu ndiye amalowa m'munda kapena kupita kuchigayo.

Kafukufukuyu adapezanso kuti nkhawa ndi kuvutika maganizo zimakula munthu akamakalamba, makamaka pakati pa amayi. M'maiko ambiri olemera, anthu amanena kuti moyo ukuwakomera kwambiri akapuma pantchito. M'midzi ya ku Malawi mulibe kupuma pantchito, ndipo kufooka kwa thupi kumabwera limodzi ndi nkhawa ya chakudya.

Pofuna kudziwa mmene anthu amaonera tsogolo lawo, ofunsa ankaika nyemba 10 patsogolo pa wofunsidwa n'kumupempha kuti aike m'mbale nyemba zofanana ndi mmene akuganizira kuti chinthu chingachitike, monga kumwalira pasanathe zaka zisanu. Zidapezeka kuti anthu ankaiona imfa pafupi kwambiri kuposa mmene ziwerengero zenizeni zinkasonyezera. Ma ARV atafika m'zipatala zoyandikana nawo, ngakhale anthu opanda kachirombo adayamba kuthera nthawi yambiri m'munda, kusunga ndalama ndi kulipirira ana awo sukulu. Munthu woyembekeza kukalamba ndiye amabzala mtengo wa zipatso.

Chinanso chothandiza a zaumoyo chidachokera ku kalata wamba. Mu 2013, omwe adapezeka ndi magazi okwera adapatsidwa kalata yoti apite nayo kuchipatala. Atayenderedwanso mu 2017, zidaoneka kuti olandira kalatawo magazi awo adali otsikirapo poyerekeza ndi anzawo omwe adaperewera pang'ono kuti ailandire. Kuyeza pakhomo ndi pepala limodzi zidasintha umoyo wa anthu kwa zaka zinayi, ndipo palibe akadadziwa zimenezi ofufuzawo akadapanda kubwerera.

Umboni pa mkangano wa penshoni

Mkangano waukulu wokhudza okalamba m'chigawo chino ndi wa penshoni ya boma yoperekedwa kwa munthu chifukwa cha msinkhu wake. Mauritius, South Africa ndi Namibia akhala nayo kwa nthawi yaitali. Botswana idayamba yake mu 1996, Lesotho mu 2004, Eswatini mu 2005, ndipo Zanzibar mu 2016. Malawi, Zambia ndi Mozambique amafikira okalamba ena kudzera m'ndondomeko zopereka ndalama kwa mabanja ovutikitsitsa, monga Mtukula Pakhomo yemwe adayambira ku Mchinji mu 2006. Nduna za zachuma zikamafunsidwa za penshoni ya okalamba onse, zimafuna umboni woti ndalamayo sidzangolowa m'madzi.

Apa mpomwe kusiyana kwa njira ziwiri za kafukufuku kudaonekera bwino. Kafukufuku wina wochitika kamodzi ku South Africa adapeza kuti m'makomo momwe muli gogo wolandira penshoni, achinyamata ambiri sagwira ntchito, ndipo ena adati penshoni imalimbikitsa ulesi. Koma lipoti la 2009, lomwe lidatsata mabanja a ku KwaZulu-Natal kwa zaka zingapo n'kuwerengeranso omwe adachoka pakhomo, lidaonetsa zosiyana. Gogo akayamba kulandira penshoni, achinyamata a pakhomopo ankapeza ndalama yoyendera ndi wowalerera ana, ndipo ankapita m'tauni kukafuna ntchito. Kafukufuku woyambayo adangowerenga otsala pakhomo.

Ku Agincourt nako, lipoti la 2024 lidaonetsa kuti m'makomo omwe ankalandira ndalama zothandizira atsikana kupita kusukulu, achikulire a pakhomopo sankaiwala msanga ngati anzawo a m'makomo ena. Umboni wotere ndi womwe ungasinthe mmene nduna imaonera penshoni, kuchoka pa chifundo kufika pa ndondomeko ya zaumoyo.

Chilankhulo, msinkhu ndi malire a kafukufuku

Ntchitozi zili ndi zovuta zake. Choyamba ndi chilankhulo. Mafunso ambiri oyezera maganizo adalembedwa m'Chingelezi, poganizira anthu odziwa kulemba ndi kuwerenga. Kuuza gogo yemwe sadagwirepo cholembera kuti ajambule wotchi kapena atchule zilembo za mawu chobwerera m'mbuyo kumangoyeza sukulu yomwe sadapite. Ofufuza a ku Agincourt, omwe amafunsa m'Chishangani, ndi a ku Malawi, omwe amafunsa m'Chichewa, m'Chiyao ndi m'Chitumbuka, adayenera kukonza mayeso ena ogwirizana ndi moyo wa anthuwo. Matenda a maganizo nawonso alibe dzina limodzi m'zilankhulo zathu. Wina amati akuganiza kwambiri, wina amati mtima ukuwawa, wina amangoti thupi latopa.

Chachiwiri ndi msinkhu weniweni. Okalamba ambiri a m'midzi adabadwira kunyumba ndipo alibe kalata ya kubadwa. Ofunsa amadalira zochitika zodziwika, monga njala ya 1949 kapena ufulu wa 1964 ku Malawi, kuti ayerekeze zaka za munthu. Vuto lomweli limabuka boma likafuna kupereka penshoni kwa ofika zaka zakuti.

Chachitatu, midzi ingapo si dziko lonse. Zomwe zapezeka ku Balaka sizinena za wokalamba wokhala m'nyumba ya lendi ku Lusaka, Harare kapena Maputo, ndipo maiko ambiri a bungwe la SADC alibe kafukufuku wa dziko lonse wotsata okalamba. Palinso nkhani ya chilungamo. Anthu omwe apereka magazi ndi nthawi yawo kwa zaka 25 ali ndi ufulu wofunsa chomwe mudzi wawo wapindula, makamaka ngati wopezeka ndi matenda akafika kuchipatala n'kupeza mankhwala kulibe.

Kufunika kwa mayeso a maganizo kumaoneka pa nkhani ya ufiti. Mu Januwale 2016, okalamba anayi adaphedwa m'boma la Neno ku Malawi atanamiziridwa kuti adatumiza mphezi yomwe idapha mtsikana, ndipo nkhanza zotere zamvekanso m'maiko oyandikana nawo. Mabungwe oyankhulira okalamba akhala akuchenjeza kuti gogo wodwala matenda oiwalaiwala, yemwe amasochera usiku kapena kuyankhula zosamveka, ali pa chiopsezo chachikulu chonenedwa ufiti. Gulu la akatswiri la magazini ya zamankhwala ya Lancet lidanena mu 2024 kuti pafupifupi 45 pa 100 ya matendawa amagwirizana ndi zinthu 14 zomwe zingapewedwe, monga kusapita kusukulu, kugontha, kusaona bwino, kuthamanga kwa magazi, shuga ndi kukhala wekha. Umboni wambiri pa zimenezi udachokera m'maiko olemera. Wa m'chigawo chino ungachokere m'midzi yomwe anthu akutsatidwa kale.

Thumba la ndani

HAALSI ndi MLSFH akhala akulipiridwa makamaka ndi nthambi za bungwe la boma la America la National Institutes of Health. Mu Januwale 2025 boma la Donald Trump lidaimitsa thandizo la ku maiko akunja, ndipo bungwe la USAID, lomwe linkalipira kafukufuku wa DHS, lidathetsedwa m'chaka chomwecho. Mu Febuluwale 2025 padatuluka lamulo loletsa thandizo ku South Africa, ndipo mu Meyi bungwe la National Institutes of Health lidalengeza kusintha njira yomwe ndalama zinkafikira kwa akatswiri a maiko ena kudzera m'masukulu a ku America. Boma la South Africa, pamodzi ndi mabungwe a Gates Foundation ndi Wellcome, lidasonkha ndalama zopulumutsira ntchito zina za kafukufuku wa zaumoyo, koma maiko osauka a m'chigawo chino alibe thumba lotere.

Kafukufuku wotsata anthu amasiyana ndi ntchito yomanga mlatho, yomwe ingaime chaka chino n'kupitirira chaka chamawa. Mayi yemwe adafunsidwa ku Mchinji mu 1998 ali ndi zaka 25 tsopano wapitirira zaka 50. Ofunsa akalekeza kwa zaka zingapo, ena mwa anthuwa amasamuka, ena amamwalira popanda wolemba chomwe chidawapha, ogwira ntchito odziwa midziyo amabalalika, ndipo chikhulupiriro chomwe chidamangidwa ndi mafumu chimazilala. Magazi osungidwa m'mafiriji amafuna magetsi tsiku lililonse. Dziko lofuna kuyambiranso liyenera kudikira mbadwo wina wathunthu.

Chitsanzo cha njira ina chilipo m'chigawo momwemuno. Boma la South Africa, kudzera mu unduna wa sayansi, lidakhazikitsa ndondomeko ya SAPRIN, yomwe imalipira ntchito yolemba kubadwa, kumwalira ndi kusamuka kwa anthu ku Agincourt, ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal, monga momwe boma limalipirira malo oyezera nyengo. Akatswiri akunja angabwere ndi mafunso awo ndi ndalama zawo, koma maziko ake ndi a dzikolo. Ku Mozambique kuli malo a kafukufuku a Manhiça kuyambira 1996, ku Zimbabwe kuli gulu la anthu otsatidwa ku Manicaland kuyambira 1998, ndipo ku Malawi kuli Karonga. Malo amenewa adakhazikitsidwa pofuna kudziwa za malungo, Edzi ndi chifuwa chachikulu, koma anthu omwe akutsatidwa kumeneko akukalamba, ndipo kuwonjezera mafunso a ukalamba n'kotsika mtengo kuposa kuyamba mwatsopano.

Malonjezo alipo kale

Maboma sakusowa mapepala osainidwa. Mu 2002 adavomereza ndondomeko ya Madrid ya za ukalamba. Mu 2008 ku Bamako, nduna zidagwirizana zopatula 2 pa 100 ya bajeti ya zaumoyo kuti ikhale ya kafukufuku. Mu 2016 bungwe la African Union lidavomereza pangano la ufulu wa okalamba, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 2024 maiko 15 atalivomereza. M'chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya ku Malawi idavomereza lamulo loteteza okalamba. United Nations idatcha zaka za 2021 mpaka 2030 kuti ndi za kukalamba ndi thanzi. Popanda ziwerengero, palibe boma lomwe lidzathe kunena mu 2030 ngati malonjezowa adasintha kalikonse pakhomo pa gogo.

Zina mwa zofunika sizilira ndalama zambiri. Maofesi a kalembera angachotse malire a zaka pa kafukufuku wa zaumoyo, monga momwe kafukufuku wa HIV wa 2020 ndi 2021 ku Malawi adachitira pofunsa aliyense wa zaka 15 kupita m'tsogolo. Maunduna a zaumoyo angaike m'bajeti zawo gawo la malipiro a ogwira ntchito m'malo a kafukufuku omwe alipo kale. Masukulu a ukachenjede a m'chigawo chino angasunge zolembedwa za kafukufukuyu ndi kuphunzitsa ana awo kuzisanthula. Bungwe la SADC lingagwirizanitse mafunso kuti zopezeka ku Karonga ziyerekezedwe ndi za ku Manhiça ndi ku Manicaland.

Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ndondomeko za zaumoyo zakhala zikulembedwa ngati moyo umathera pa zaka 49. Aliyense yemwe adzakhale ndi zaka 60 mu 2050 adabadwa kale. Ndi aphunzitsi, oyendetsa minibasi, amayi a m'misika ndi alimi a zaka 35 kapena 40 omwe akudyetsa mabanja lero, pamodzi ndi nduna ndi aphungu omwe akuvomereza bajeti. Chipatala chomwe adzachipeze pa nthawiyo chidzamangidwa pa zomwe zikulembedwa tsopano ku Agincourt, Rumphi, Mchinji ndi Balaka, ngati ofunsa adzakhale akubwererabe m'midzimo.